Khoswe wa pa Mkhate: Mbiri ya Mkwiyo wa Anthu pa Kampani ya Palantir

Mu Febuluwale 2025 mkulu wa kampani ya makompyuta ya ku America yotchedwa Palantir, Alex Karp, adayankhula ndi anthu amene adaika ndalama zawo m'kampanimo, monga momwe achitira akuluakulu a makampani pakatha miyezi itatu iriyonse. Pamsonkhano wotere munthu amayembekeza kumva za phindu, za ngongole ndi za mtengo wa masheya. Zonsezi zidanenedwa ndithu. Koma Karp adaonjezapo kuti kampaniyo iripo kuti ilimbitse mabungwe amene ikugwira nawo ntchito, ndipo pakafunika kutero, kuopseza adani, mwinanso kuwapha kumene. Sadanene mawuwa monong'ona kapena mopepesa ayi. M'kalata imene adalembera eni masheya mwezi womwewo adakumbutsanso ganizo la katswiri wa zandale Samuel Huntington, lakuti chimene chidakweza maiko a Azungu pamwamba pa anzawo ndi luso lawo pa nkhondo, osati ubwino wa nzeru kapena wa chipembedzo chawo.

Kwa ife kuno ganizo limeneli si lachilendo. Agogo athu adaliphunzira popanda buku pamene Inkosi Gomani idaphedwa mu 1896, ndiponso pamene mfuti za Maxim zidabalalitsa Angoni a Mpezeni mu 1898. Chachilendo ndi kumva munthu wamalonda akulinena monyadira, dziko lonse likumva, ngati chifukwa chogulira katundu wake.

Anthu akhala akukwiyira kampaniyi kwa zaka zambiri. Ophunzira adaikana m'mayunivesite, madokotala adaguba pakhomo la ofesi yake ku London, antchito ake ena adaisiya. Komabe m'zaka zomwezo kampaniyo idakula koposa kale. Tsono funso langa kwa inu anzanga ophunzira ndi aphunzitsi athu nali: mkwiyo wotere udapinda makampani ena akuluakulu m'mbuyomu, nanga uno udalephera bwanji? Kuti tiyankhe tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa makumi asanu.

Makampani amanyazi

Tiyambe ndi Dow Chemical. Iyi sinali kampani ya makompyuta, koma ndiyo idaphunzitsa ophunzira a ku America njira yolimbanirana ndi kampani yodyera pa nkhondo. Kuyambira mu 1965 Dow inkapangira asilikali a America napalm, phala la petulo limene likagwera munthu limamatirira pakhungu uku likuyaka. Ndege zinkaponya phalali pa midzi ya ku Vietnam. Chaka ndi chaka kampaniyo inkatuma nthumwi zake m'mayunivesite kukasaka achinyamata otsiriza maphunziro a sayansi, ndipo ophunzira adaona kuti pofewa mpamenepa. Pa 18 Okutobala 1967, pa yunivesite ya Wisconsin mumzinda wa Madison, ophunzira mazana angapo adakhala pansi natseka njira m'nyumba imene nthumwi ya Dow inkafunsiramo ofuna ntchito. Apolisi adawatulutsa ndi zibonga ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo anthu makumi angapo adavulala. Dow inkayankha kuti kutumikira boma ndi udindo wa nzika, koma nthawi zonse inkafulumira kuonjeza kuti napalm anali kachigawo kakang'ono zedi ka malonda ake. Mu 1969 kontirakiti idapita ku kampani ina ndipo Dow idasiya kupanga napalm, koma dzina lake lidanunkhabe kwa zaka zambiri.

Chaka chomwecho cha 1969 moto udafika pa yunivesite ya Stanford, pakati penipeni pa dera limene lero litchedwa Silicon Valley. Mu Epulo ophunzira adalowa m'nyumba yofufuziramo zamagetsi, mmene munkachitika ntchito zachinsinsi za asilikali, nakhalamo masiku asanu ndi anayi. Yunivesite idaletsa kafukufuku wachinsinsi pamalo ake, ndipo mu 1970 idalekana ndi bungwe lake la kafukufuku la Stanford Research Institute. Apa pali mfundo yofunika kuisunga. Dera limenelo lidaleredwa ndi ndalama za nkhondo: kampani ya Lockheed idatsegula fakitale ya mizinga ku Sunnyvale mu 1956, asilikali ndiwo anali ogula oyamba aakulu a tizipangizo ta m'makompyuta, ndipo ARPANET, kholo la intaneti, idabadwa mu 1969 ndi ndalama za unduna wa zachitetezo. Zionetsero za zaka zimenezo sizidathetse ubale umenewu. Zimene zidachita nzakuti zidausandutsa chinthu chochititsa manyazi, chosayenera kutchulidwa pagulu.

Nkhani yachiwiri iri pafupi ndi kwathu. Mu Okutobala 1970 antchito awiri akuda a kampani ya Polaroid mumzinda wa Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts, Caroline Hunter ndi Ken Williams, adatulukira kuti makamera ndi mafilimu a kampani yawo ankagwiritsidwa ntchito pojambula zithunzi za m'zitupa za pasi zimene boma la tsankho la South Africa linkakakamiza anthu akuda kuyenda nazo. Adaitana anthu kuti aleke kugula katundu wa Polaroid. Kampaniyo inkadzitama kuti ndi bwenzi la anthu akuda, choncho mlanduwu udaipweteka pamtima. Idachotsa Hunter ntchito mu 1971, koma idalonjezanso kuti sidzagulitsanso kanthu ku boma la South Africa. Mu 1977 kudaululika kuti kampani yogulitsa katundu wake kumeneko, Frank and Hirsch, inkaperekabe mafilimu ku boma mobisa, ndipo Polaroid idachoka m'dzikomo.

Yachitatu ndi ya Google. Mu 2017 unduna wa zachitetezo wa America udayambitsa ntchito yotchedwa Project Maven, yophunzitsa makompyuta kuzindikira anthu, magalimoto ndi nyumba m'zithunzi zojambulidwa ndi ndege zopanda woyendetsa. Kumayambiriro kwa 2018 antchito a Google atamva kuti kampani yawo iri m'ntchitoyi, oposa 3,000 adasaina kalata yoti Google isachite nawo malonda a nkhondo, ndipo ena adatula pansi ntchito. Mu Juni 2018 Google idalengeza kuti sidzapitiriza kontirakitiyo ikatha, ndipo idalemba lonjezo lakuti sidzapanga AI yogwiritsa ntchito pa zida zankhondo.

Makampani atatuwa anali osiyana, koma anali ndi bala limodzi. Onse ankagulitsa katundu kwa anthu wamba, onse ankafuna achinyamata anzeru ochokera m'mayunivesite, ndipo onse ankafuna kuoneka oyera. Ntchito ya nkhondo kapena ya upolisi inali kachipinda kakuseri m'nyumba yaikulu. Otsutsa ankangofunika kutsegula chitseko cha kachipindako kuti anthu aone, manyazi nkuchita zotsalazo.

Mwala wopenyera kutali

Palantir idamangidwa mwa mtundu wina. Idakhazikitsidwa mu 2003, patangopita zaka ziwiri chichitikire chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001. Oiyambitsa anali Peter Thiel, amene adalemera ndi kampani yotumizira ndalama ya PayPal, Alex Karp, Joe Lonsdale, Stephen Cohen ndi Nathan Gettings. Ganizo lawo linali lakuti njira zimene PayPal inkagwirira akuba a pa intaneti zingathandizenso kugwira zigawenga. Zina mwa ndalama zoyambira, pafupifupi madola 2 miliyoni, zidachokera ku In-Q-Tel, nthambi ya bungwe la akazitape la CIA yoika ndalama m'makampani atsopano. Dzina lakelo adalitenga m'buku la J.R.R. Tolkien lotchedwa The Lord of the Rings, mmene muli miyala yopenyera zinthu zakutali. Otsutsa sachedwa kukumbutsa kuti m'nthanoyo ambiri mwa openyera m'miyalayi adasokeretsedwa nayo.

Kodi kampaniyi imagulitsa chiyani? Simapanga mfuti kapena ndege. Boma lirilonse limasunga zolembedwa zambirimbiri za anthu, koma zimakhala zomwazikana: nambala za galimoto ku ofesi ina, za lamya kwina, za pachipata cha dziko kwinanso, zithunzi za ndege kwa asilikali. Mapulogalamu a Palantir, makamaka Gotham ndi Foundry, amalumikiza zonsezi kuti wofufuza akalemba dzina limodzi aone pamodzi kumene munthuyo amakhala, amene amacheza nawo ndi kumene adadutsa. Kampaniyo imanenetsa kuti simatolera kapena kugulitsa zinsinsi za anthu, imangopereka makina osanjira zimene mwini wake ali nazo kale. Otsutsa amayankha kuti mphamvu yonse yagona pa kusanjako.

Karp mwini wake si msilikali. Adaphunzira zamalamulo pa Stanford, kumene adadziwana ndi Thiel, kenaka adatenga digiri ya udokotala pa maphunziro a chikhalidwe cha anthu ku Frankfurt mu 2002, ndipo kwa nthawi yaitali ankadzitcha munthu wa ndale zakumanzere. Koma kampani yake sidathawe ntchito ya nkhondo, idaithamangira. Mu 2016 idasumira gulu lankhondo la America kukhoti chifukwa choitsekera mwayi wopikisana nawo pa kontirakiti, ndipo idapambana. Google itasiya Project Maven, Palantir ndiyo idatola ntchitoyo. Mu 2020 idasamutsa likulu lake kuchoka ku Palo Alto kupita ku Denver, ndipo polowa pamsika wa masheya wa New York m'chaka chomwecho Karp adalemba kalata yonyoza makampani a Silicon Valley, nati iwo amadziwa kupanga mapulogalamu koma sadziwa mmene dziko liyenera kuyendetsedwera, ndipo kuti Palantir idasankha kale mbali yake. Motero panalibe kachipinda kakuseri koti munthu atsegule. Nyumba yonse inali kachipindako, ndipo mwini wake adachita kukhoma chikwangwani pakhomo.

Mkwiyo ubuka

Mkwiyo woyamba waukulu udadza chifukwa cha ICE, nthambi ya boma la America yosaka ndi kuthamangitsa anthu okhala m'dzikomo popanda chilolezo. Palantir idayamba kupangira nthambiyi makina osungira milandu mu 2014. Pa 7 Ogasiti 2019 ICE idagwira antchito pafupifupi 680 m'mafakitale a nkhuku m'chigawo cha Mississippi, ndipo ana ena pobwera kusukulu adapeza makolo awo kulibe. Zikalata za kukhoti zidasonyeza kuti ofufuza adagwiritsa ntchito pulogalamu ya Palantir yotchedwa FALCON. Gulu la Mijente lidatsogolera zionetsero, ndipo ophunzira oposa 1,200 a m'mayunivesite 17 adasaina lonjezo lakuti sadzagwira ntchito ku Palantir. Msonkhano wa akatswiri a zamalamulo pa yunivesite ya Berkeley udakana ndalama za kampaniyo, chimodzimodzinso msonkhano waukulu wa amayi a zamakompyuta wa Grace Hopper. Iyi inali njira yomwe ija ya ku Madison, yotseka chitseko cha achinyamata. Koma Karp sadagwedezeke, ndipo kontirakiti ya ICE idapitirira.

Chaka chomwecho dzina la kampaniyi lidafika pafupi ndi nkhokwe zathu. Mu Febuluwale 2019 bungwe la World Food Programme, lomwe lija limagawa chakudya kuno m'zaka za njala ndi kwa othawa kwawo ku Dzaleka, lidalengeza mgwirizano wa zaka zisanu ndi Palantir, wa madola 45 miliyoni. Mabungwe ndi anthu oposa 60 adalemba kalata yodandaula kuti bungwe losunga maina a anthu anjala mamiliyoni ambiri lisayende ndi kampani yotumikira akazitape. World Food Programme idayankha kuti ntchitoyo inali yokonza kayendedwe ka katundu ndipo kampaniyo sidzaona maina a olandira chakudya. Mgwirizano udapitirira.

Ku England nkhani idali ya zipatala. Mu Malichi 2020, mliri wa Covid utafika, Palantir idavomera kuthandiza bungwe la zipatala za boma la NHS pamtengo wa paundi imodzi yokha. Pakutha pa chakacho idapatsidwa kontirakiti ya mapaundi 23 miliyoni, ndipo mu Novembala 2023 ina ya mapaundi 330 miliyoni yolumikiza zolembedwa za odwala. Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Gaza inali itayamba. Mu Okutobala 2023 kampaniyo idagula tsamba lathunthu m'nyuzipepala ya New York Times nilengeza kuti iri kumbali ya Israel, ndipo mu Januwale 2024 akuluakulu ake adachitira msonkhano wawo ku Tel Aviv nasaina mgwirizano ndi unduna wa zachitetezo wa dzikolo. Anamwino ndi madokotala adaguba pa ofesi yake ku London, akufunsa ngati nkoyenera kuti zinsinsi za odwala zisungidwe m'makina a kampani yonyadira nkhondo. Karp adavomera pa wailesi ya kanema mu Malichi 2024 kuti antchito ena adachoka chifukwa cha maganizo ake pa Israel, nati akuyembekeza kuti enanso adzachoka. Mu Meyi 2024, pamene ophunzira ankamanga misasa ya zionetsero m'mayunivesite a ku America, iye adauza msonkhano wina ku Washington kuti olimbikitsa mtendere enieni ndi iwo opanga zida.

Mu Febuluwale 2025 maganizo onsewa adasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa The Technological Republic, limene Karp adalemba ndi Nicholas Zamiska. Mfundo yake njakuti akatswiri a Silicon Valley adataya nzeru zawo pa timapulogalamu tosangalatsa ogula, kuti ali ndi ngongole ku dziko limene lidawalera, kuti nyengo ya bomba la atomu ikutha ndipo chitetezo cham'tsogolo chidzadalira AI, choncho boma ndi makampani ayenera kugwirana manja monga adachitira popanga bomba lija. Mu Epulo 2025 ICE idapatsa kampaniyo madola 30 miliyoni kuti ipange makina atsopano olondolera anthu oti athamangitsidwe. Mu Meyi anthu 13 amene kale adagwirako ntchito adalemba kalata yapoyera yodzudzula kampaniyo kuti yataya mfundo zake zoyambira. Mu Juni mkulu wake wa zaumisiri, Shyam Sankar, adalumbiritsidwa kukhala lefutenanti kolonelo m'gulu la asilikali apadera oyembekezera, pamodzi ndi anzake ochokera ku Meta ndi OpenAI.

Mbali ya Karp

Tisanaweruze, timve mbali yake, pakuti si yopanda nzeru. Choyamba, pa mbiri yakale akunena zoona: Silicon Valley idakuladi ndi ndalama za asilikali. Chachiwiri, amati zida za AI zidzapangidwa ndithu, kaya America ifune kaya isafune, pakuti China ndi Russia sizidzadikira kuti mtsutso wa m'mayunivesite uthe. Amaloza ku Ukraine, kumene adapita kukaonana ndi Pulezidenti Volodymyr Zelensky mu Juni 2022, nati dziko lolowereredwa ndi adani silitetezedwa ndi zikwangwani. Chachitatu, mu 2019 adalemba m'nyuzipepala ya Washington Post kuti malamulo a dziko ayenera kupangidwa ndi anthu osankhidwa ndiponso makhoti, osati kagulu ka mainjiniya kokana ntchito imene sikakuifuna.

Mfundo yachitatuyi njolimba, koma ndiyonso imamutembenukira. Munthu amene mu 2019 ankati amakampani asalowerere ndale, pofika 2025 adali atalemba buku lonse louza dziko chimene liyenera kukhulupirira, adani amene liyenera kuwaopa ndi zida zimene liyenera kugula, zida zake zikhala zomwe iye amagulitsa. Sing'anga wogulitsa mankhwala akakuuza kuti walodzedwa, mwina akunena zoona, komabe ndi bwino kukafunsanso kwina. Za chimenechi Pulezidenti Dwight Eisenhower, amene anali mkulu wa asilikali, adachenjeza kale potsanzika pa 17 Januwale 1961, pamene adati mgwirizano wa ankhondo ndi amafakitale a zida ungathe kupeza mphamvu yosayenera pa boma. Anthu ambiri okwiya sadakane kuti dziko likhale ndi asilikali. Chimene adakana ndi chakuti wogulitsa zida akhalenso mlaliki wa nkhondo.

Chifukwa chake sakupheka

Tsono tione zotsatira. Mu 2024 Palantir idapeza madola 2.87 biliyoni, oposa theka ochokera ku maboma, ndipo mtengo wa sheya yake udakwera koposa kanayi m'chaka chimodzicho. Mu Meyi 2024 idapatsidwa kontirakiti ya Maven ya madola 480 miliyoni. Mu Epulo 2025 NATO idalengeza kuti yagula makina omwewo, ndipo chapakati pa chakacho gulu lankhondo la America lidasaina mgwirizano wotha kufika madola 10 biliyoni pa zaka khumi. Ngakhale chipambano cha antchito a Google chija chidafufutika: mu Epulo 2024 Google idachotsa ntchito anthu 28 amene adachita zionetsero zotsutsa kontirakiti yake ndi boma la Israel, ndipo mu Febuluwale 2025 idachotsa lonjezo lija losapanga AI ya zida.

Ine ndikuona zifukwa zitatu. Choyamba nchakuti Palantir iribe sitolo. Munthu ankatha kusiya kugula kamera ya Polaroid, koma palibe mayi kapena wophunzira amene amagula Gotham. Ogula ake ndi nduna, akazembe a nkhondo ndi akuluakulu a makampani, ndipo kwa ambiri a iwo kampani yosagwedezeka ndi zionetsero ndiyo yodalirika. Mkulu wa asilikali amene adasiyidwa panjira ndi Google mu 2018 akamva Karp akunyoza ochita zionetsero, amamva lonjezo lakuti uyu sadzathawa.

Chachiwiri nchakuti mkwiyo udasanduka chikwangwani choitanira antchito. Mu Epulo 2025 Paul Graham, mmodzi wa anthu otchuka a Silicon Valley, adalangiza achinyamata aluso kuti asakagwire ntchito ku kampani yomanga maziko a boma lolamulidwa ndi apolisi. Mmodzi wa akuluakulu a Palantir, Ted Mabrey, adayankha kuti akudikira mwachidwi achinyamata amene adzafunsira ntchito atawerenga mawu a Graham. Kampani sifuna ophunzira onse a m'dziko. Ifuna zikwi zochepa zogwirizana nayo, ndipo mkangano uliwonse umasefa okayika nkusiya otsimikiza.

Chachitatu ndi chimene akuluakulu adachiona kale ponena kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Makina otere akalowa m'chipatala, m'polisi kapena m'gulu lankhondo, zolembedwa zonse zimasanjidwa monga mwa iwo, antchito amazolowera, ndipo pakapita zaka zingapo kuwachotsa kumakhala kuika pangozi ntchito yonseyo. Paundi imodzi ija ya mu 2020 inali mtengo wokwerera pa mkhate. Mu 2025 bungwe la madokotala la British Medical Association lidagwirizana zotsutsa kukhalapo kwa Palantir m'zipatala, koma nthawiyo kontirakiti yaikulu inali itasainidwa kale.

Kumene mkwiyo udaluma

Sindikunena kuti zonse zidapita pachabe. Koma taonani kumene mano adalowa. Ku Germany apolisi a m'chigawo cha Hesse ankagwiritsa ntchito makina otchedwa Hessendata, omangidwa pa Gotham. Omenyera ufulu adapita kukhoti, ndipo pa 16 Febuluwale 2023 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko ku Karlsruhe lidagamula kuti malamulo a Hesse ndi Hamburg olola apolisi kusanja zolembedwa za anthu motere ankaphwanya ufulu wa nzika, popeza ankakokera m'khoka ngakhale anthu osaganiziridwa mlandu. Hesse idakonza lamulo lake nipitiriza kugwiritsa ntchito makinawo, koma tsopano panali malire olembedwa. Ku England atolankhani a openDemocracy ndi maloya a Foxglove adakakamiza boma mu 2020 kuulula makontirakiti amene linkabisa, poliopseza ndi khoti. Ku Norway kampani yosunga ndalama za penshoni ndi inshuwalansi ya Storebrand idagulitsa masheya ake a Palantir mu 2024, poopa kuti ntchito za kampaniyo ku Israel zingakhudzane ndi kuphwanya malamulo a nkhondo.

Zipambano zimenezi nzazing'ono, koma ziri ndi khalidwe limodzi. Palibe chimene chidadalira manyazi a kampani. Zonse zidalunjika kwa wogula kapena kwa woika ndalama, amene ali ndi lamulo lomumanga ndi anthu oti awayankhe. Mbadwo wa ku Madison udaphunzira kuchititsa manyazi wogulitsa, ndipo njirayo idagwira ntchito kwa zaka makumi asanu chifukwa ogulitsawo ankafuna kukondedwa. Pamene padabwera wogulitsa wosafuna kukondedwa, njirayo idafika pothera, ndipo idatsala ntchito yotopetsa, yopanda nyimbo kapena zikwangwani: kuwerenga kontirakiti, kufunsa kuti zolembedwa zidzasungidwa kuti ndipo adzaziona ndani, kufunsa ngati boma lingathe kutuluka mu mgwirizano popanda kugwetsa chipatala, ndi kupita kukhoti yankho likasowa.

Pano mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife a pasukulu pano. Ochepa mwa ife adzaguba ku London kapena ku Washington. Koma ena mwa amene akuwerenga tsamba lino adzakhala maloya a boma, alembi aakulu a maunduna, oyang'anira zipatala ndi akuluakulu a mabungwe ogawa chakudya, ndipo tsiku lina munthu waulemu adzawabweretsera makina abwino zedi pamtengo wotsika modabwitsa. Makinawo adzagwiradi ntchito. Tsiku limenelo, musanasaine, funsani chimene mwini makinawo amakhulupirira, pakuti ena a iwo masiku ano sabisanso, adachita kulemba m'buku. Ndipo funsani mafunso onse khoswe akadali pansi.